Manja Amene Amakonza Maluwa a M'chisanu ku Atami

Ku Atami, tawuni ya m'mbali mwa nyanja m'chigawo cha Shizuoka ku Japan, kuli munda wa mitengo umene unatsegulidwa mu 1886 m'chigwa chotsetsereka cha kamtsinje ka Hatsukawa. Muli mitengo ya ume yoposa 450, ya mitundu pafupifupi 60, ndi ya momiji pafupifupi 380. Derali n'lofundirapo, motero chisanu chimafikako mochedwa. Momiji imachedwa kufiira pamene ume imafulumira kumasula, ndipo chakumayambiriro kwa Disembala munthu atha kupeza masamba ali psuu mbali ino, mbali inayo maluwa oyamba ali mbee panthambi.

Tsamba la momiji n'laling'ono, logawikana ngati zala. Masiku akayamba kufupika, mtengo umaphwanya klorofili, chija chimene chimabiriwitsa tsamba, n'kukokera zofunika zake m'nthambi kuti zidzagwire ntchito chaka chamawa. Kenako umatseka pang'onopang'ono njira ya pakaphesi ka tsambalo. Shuga wopangidwa masana amasowa kotulukira, ndipo tsamba limamusandutsa utoto wofiira wotchedwa anthocyanin. Pamafunika dzuwa lowala masana ndi kuzizira usiku. N'chifukwa chake nthambi ya pamtetete imafiira msanga, ya pamthunzi ikadali yachikasu.

Koma kumene ine maso amandikanirira ndi pa ume. Mtengowu unachokera ku China ndipo ndi mbale wa mapichesi aja amamasula nthambi zili mbulanda ku Dedza. Duwa lake silikhala ndi phesi lalitali. Limamatirira pakhungwa penipeni, diso limodzi duwa limodzi, ndipo la mtundu wamba limakhala ndi timasamba tisanu tozungulira. Timaso timeneti tinapangidwa kalekale, m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, yomwe ku Japan ndi yotentha, n'kugona. Sitidzuka mpaka titamva kuzizira kokwanira. Popeza njuchi zimachepa nyengo yotere, kambalame kobiriwira ka mkombero woyera m'maso, kotchedwa mejiro, kamathandiza kunyamula mungu pamene kakumwa timadzi ta m'duwamo.

Apa ndi pamene pamalowera manja a munthu. Anthu a ku Japan ali ndi mwambi wonena kuti wodula mtengo wa sakura ndi chitsiru, koma wosadulira ume ndi chitsirunso. Ume ukangosiyidwa umatulutsa mphukira zazitali zoloza kumwamba, zamphamvu ndithu koma zamaluwa ochepa. Maluwa ambiri amabwera pa tinthambi tatifupi. Wodulira amayamba wauzungulira mtengowo osaukhudza, kuona kumene dzuwa limalowera. Kenako amachotsa zouma, zopingasana ndi zoloza m'kati. Nthambi yaikulu amayamba waicheka kunsi pang'ono asanaidule pamwamba, kuti pogwa isasende khungwa. Pa yaing'ono amagwiritsa ntchito sizasi, ndipo amadula pamwamba pa diso loyang'ana kunja, chifukwa kumene diso layang'ana n'kumene nthambi yatsopano idzalowere. Ayeneranso kusiyanitsa diso la duwa, lomwe n'lonenepa, ndi diso la tsamba, lowonda ndi losongoka. Akalakwitsa pamenepa wataya maluwa a chaka chathunthu. Luso lake n'lakuti munthuyu amadula mtengo wa lero akuona kale maonekedwe ake a zaka zitatu zikubwerazo.

Mitengo yokalamba nayo ili ndi chisamaliro chake. Ume utha kuwola m'kati mpaka kukhala mphako, koma n'kumamasulabe, pakuti madzi ndi chakudya zimayenda kufupi ndi khungwa. Alimi saugwetsa. Amauchirikiza ndi mtengo wina, n'kuika kansalu kapena khungwa pokhudzanapo asanamange chingwe kuti chisalowe m'thupi. Mtundu wokongola akafuna kuusunga amachita kumezanitsa, chifukwa nthangala siibereka mwana wofanana ndendende ndi make.

Mitundu ina imamasula msanga, ina pakati, ina mochedwa, ndiye mundawu umakhala ndi maluwa ambiri kuyambira Januwale mpaka kumayambiriro kwa Malichi. Mukadzafikako musadzangojambula zithunzi n'kumapita. Mudzayandikire nthambi imodzi, mudzapeze pamene panadutsa sizasi, n'kuona kumene wodulirayo anailozetsa mphukira.