Chionetsero cha Ana, Kapena cha Aphunzitsi?

Chaka cha sukulu chili pafupi kutha ndidaitanidwa ku sukulu ina ya pulaimale, pakati pa Nathenje ndi mtsinje wa Diamphwe, kukaona chionetsero cha zimene ana adafufuza m'maphunziro ao. Madesiki adaŵandandika pansi pa mitengo, makolo adafika ambiri, ndipo mafumu adakhala pa mipando ya kutsogolo. Ndidabwerako wokondwa, komanso ndili ndi nkhaŵa imene ndifuna kuti tiiganizire pamodzi.

Pa desiki loyamba padali chithunzi chachikulu cha mtima wa munthu, chojambulidwa mwaluso, maina a ziwalo zake atalembedwa m'Chingerezi chopanda cholakwa. Mnyamata wa Sitandade 7 adafotokoza zonse mosadodoma, ndipo anthu adaomba m'manja. Koma mai wina atamfunsa m'Chicheŵa chifukwa chimene mtima umagundira msanga munthu akathamanga, mwanayo adangocheukira mphunzitsi wake. Adayambanso mau omwe aja kuchokera pachiyambi, ngati munthu amene wataya njira nabwerera pamphambano. Zilembo za pachithunzipo sizidali za dzanja la mwana. Komabe desiki limeneli ndilo lidalandira mphotho yoyamba.

Kumapeto kwa mzere, kumene alendo olemekezeka sadafike, kudali atsikana aŵiri a Sitandade 6. Iwo adali ndi mabotolo, mabeseni atatu akale ndi chitini chotungira madzi. Funso lao lidali lakuti: chifukwa chiyani Diamphwe amafiira m'dzinja koma amayera m'chilimwe? Botolo lina adatunga mu Januwale, lina mu Julaye, ndipo pansi pa loyambalo padakhazikika matope. M'mabeseni adaikamo dothi la m'munda umodzi: lina losavundikira, lina lovundikira ndi mapesi, lina lomera udzu. Adapendeketsa mabeseniwo mofanana, nathira chitini chimodzi cha madzi pa lililonse ife tikuona. Madzi ochokera pa dothi losavundikira adatuluka ofiira, pamene a pa udzu adatuluka pang'ono ndiponso oyererako.

Nkhalamba ina idafunsa kuti, "Nanga mdzukulu wanga, mizere ikapingasa chitunda, dothi lithaŵabe?" Mtsikana wina adayankha kuti, "Zimenezo sitidayese, agogo, koma mukatithandiza kuunga timizere m'beseni, tiona." Nkhalambayo idagwada pompo, niyamba kuunga timizere ndi zala. Kunena zoona, pa tsiku lonselo sindidamve yankho loposa limeneli.

Tsono chionetsero chabwino nchotani? Ine ndikuti tisayambe ndi kukongola kwa zimene zayalidwa. Tiyambe tafunsa zinthu zitatu. Kodi funso limene mwana akuyankha ndi lake? Kodi adaligwirira ntchito ndi manja ake ndi maso ake? Kodi angathe kuima pamaso pa munthu amene wamfunsa zosayembekezeka, nanena zimene adaona, navomeranso pamene kudziŵa kwake kwalekezera? Atsikana aja adakhoza pa zitatu zonsezi. Mnyamata uja adangosenzetsedwa katundu wa mwini.

Nkhani ya atsikanaŵa njaikulu kuposa mabeseni ao. Diamphwe amachokera ku mapiri a Dzalanyama nakathira mu Linthipe. Nkhalango ya Dzalanyama yadulidwa kwambiri ndi ootcha makala, kotero kuti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukailondera. Mwana amene waona ndi maso ake kuti nthaka yovula imapita ndi madzi, safunikanso msilikali kuti amuuze ubwino wa mtengo. Ndipo kholo limene laona zimenezi kwa mwana wake liganiza kaŵiri lisanatenthe mapesi m'munda.

Sindikufuna kuŵaponya miyala aphunzitsi. Pamene maphunziro a pulaimale adakhala aulere mu 1994, chiŵerengero cha ana chidakwera kuchokera pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero kalasi la ana opitirira 100 si chinthu chachilendo kumidzi. Mu 2007 mudayamba kuloŵa m'sukulu ndondomeko yatsopano ya maphunziro, yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, imene idafuna kuti mwana azitenga mbali, osati kumangomvetsera. Koma mphunzitsi amadziŵanso kuti mbiri ya sukulu yake imayezedwa ndi mayeso a MANEB a Sitandade 8, amene amalembedwa m'Chingerezi kupatula phunziro la Chicheŵa. Nchosadabwitsa tsono kuti alendo akamabwera, iye amasankha mwana woloŵeza bwino namkonzera zonse. Amaopa manyazi. Koma manyazi a mphunzitsi akapeŵedwa motere, amene walipira ndi mwana, pakuti waphunzira kuti kuoneka wodziŵa nkofunika kuposa kudziŵa.

Tikumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Atalekera sukulu panjira chifukwa cha njala ndi kusoŵa fizi, adabwereka mabuku m'kanyumba ka mabuku kwaoko, ndipo mu 2002 adapanga makina a mphepo otulutsa magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi ziwalo za njinga. Ambiri ankamuyesa wamisala. Makina akewo akadayalidwa pa chionetsero chathu, kodi sitikadaŵakankhira kumapeto kwa mzere chifukwa chosaoneka bwino?

Pempho langa kwa okonza zionetsero ku Nathenje, ku Mitundu ndi kwina konse nlosavuta. Oweruza asapereke mphotho asanafunse mwana aliyense funso limene sadalikonzekere. Mwana aloledwe kufotokoza m'chilankhulo chimene amai ake akumva, Chingerezi chibwere pambuyo. Zimene zidakanika ziyalidwenso, chifukwa mbeu imene sidamere ili ndi phunziro lake. Ndipo popeza sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya Bunda ili pafupi ndi Mitundu, kodi nkovuta kupempha ophunzira ake kuti adzacheze ndi ana pa tsiku lotere?

Inunso makolo, musangoombera m'manja Chingerezi chimene simudamve. Yandikirani pa desiki, mufunse monga idachitira nkhalamba ija. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tikafuna ana odziŵa kufunsa, tiyambe ndife kulemekeza mafunso ao.

Pamene ndinkanyamuka, mphotho zidali zitagaŵidwa ndipo alendo atakwera galimoto zao. Atsikana aja ndi agogo aja adali akadali pa beseni, akudikira mwana amene adamtuma kukatunga madzi ena ku mjigo.