Chithunzi chopanda nkhope: David Goldblatt ndi ife a kufodya

Pali chithunzi cha David Goldblatt chomwe chimandisowetsa mtendere. Anachijambula mu 1966 ku mgodi wa golide wa ku Randfontein, tawuni yomwe iye anabadwirako mu 1930. Wojambulidwayo ndi kapitawo wachikuda, amene azungu ankamutcha "Boss Boy" ngakhale anali bambo wamkulu. Nkhope yake palibe. Goldblatt anangotisiyira chifuwa, manja ndi lamba: wotchi, mpeni, ndi baji ya nyenyezi zitatu pamkono.

Umu ndi momwe mkuluyu ankagwirira ntchito. Sankathamangira zipolowe kapena apolisi okwapula anthu. Ankafuna moyo wa tsiku ndi tsiku, poti tsankho limabisala m'tinthu tomwe anthu anatizolowera. Buku lake la On the Mines, lomwe anatulutsa ndi mlembi Nadine Gordimer mu 1973, n'lodekha chonchi, lopanda phokoso.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo. Agogo athu ambiri anapita ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka Kamuzu anaimitsa kaye maulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi. Ndiye ndikaona lamba uja ndimadzifunsa: bambo ameneyu kwawo kunali kuti?

Ndikuvomereza kuti kudula mutuko kunali dala, ndipo kukunena zoona: kwa eni mgodi munthuyu anali zida ndi baji basi. Koma pofuna kutionetsa mmene mgodi unamufufutira, wojambula nayenso wamufufuta. Apa mpomwe ndimasiyana naye. Chabwino n'chakuti pa ntchito zake zambiri za pambuyo pake ankalemba dzina la munthu, malo ndi tsiku, nthawi zina mbiri yake yomwe. Mu 1989 anayambitsanso Market Photo Workshop ku Johannesburg, komwe achinyamata ngati Zanele Muholi anaphunzira kujambula anthu akwawo.

Kuno ku Nkhamenya, taonani zithunzi za fodya zomwe zimapita kunja: manja akuda ndi utomoni, misana yowerama, matenanti m'zigafa. Kubisa nkhope ya mwana n'koyenera, zimenezo sinditsutsa. Koma munthu wamkulu, amene akudziwa mtengo wa belo ndi ngongole ya feteleza, mufunseni kaye ngati akufuna dzina lake lilembedwe. Akalola, lembani, pamodzi ndi mawu ake. Goldblatt anamwalira mu 2018. Amene mwatenga kamera lero, tengerani kudekha kwake, koma mutu wa munthu muziusiya pathupi.