Usiku wa m'Kachipinda ka Crooks: Ubwenzi ndi Tsankho m'Buku la Steinbeck

Buku la John Steinbeck lotchedwa Of Mice and Men lidatuluka m'chaka cha 1937, pamene umphaŵi waukulu umene udayamba mu 1929 unkayendetsa amuna ambiri a ku Amerika m'mafamu kufunafuna ganyu. Nkhani yake ichitikira pa famu ina ya ku California, pafupi ndi tauni ya Soledad, dzina limene pa Chisipanishi litanthauza kukhala wekha. Aŵerengi ambiri amatama ubwenzi wa George ndi Lennie, chimphona cha nzeru zachibwana. Ife tifuna kuyang'ana kwina, m'kachipinda ka Crooks, munthu wakuda wosamala akavalo.

Crooks saloledwa kugona m'nyumba ya antchito anzake chifukwa cha khungu lake. Usiku wina wa Loŵeruka, amuna amphamvu atapita ku tauni, anthu anai otsala akumana kwa iye: mwiniwakeyo, Lennie, nkhalamba Candy yoduka dzanja, ndi mkazi wa Curley, amene mlembi sadampatse ndi dzina lomwe. Tikadayembekeza kuti anthu okanidwa otere agwirizana, koma sizitero ai. Crooks ayamba ndi kuzunza Lennie pomuwopseza kuti George sadzabweranso. Pambuyo pake mtima wake ufeŵa, napempha kuti nayenso akalime nao pa kamunda kamene George, Lennie ndi Candy akulota kugula. Tsono mkazi uja aloŵa, ndipo Crooks atamuuza kuti atuluke, iye amkumbutsa kuti mau ake okha angathe kumpachikitsa pa mtengo. Asanabalalike, Crooks abweza pempho lake lija.

Apa ndipo pagona nzeru ya bukuli. Kusungulumwa pakokha sikubala chifundo. Munthu wopwetekedwa amafunafuna wina wochepa mphamvu woti amtulire zoŵaŵa zake, ndipo tsankho ndilo limamloza woti ampondereze.

Aristotle adaphunzitsa kuti ubwenzi ulipo wa mitundu itatu: wofuna phindu, wofuna chisangalalo, ndi wofunira mnzako zabwino chifukwa cha iye mwini. Wachitatuwu tiuwona mwa George, ngakhale adandaule chotani. Komabe ubwenzi wake uli ndi malire, pakuti atampeza Lennie kwa Crooks amkalipira. Pamapeto, Lennie atapha mkazi wa Curley mosafuna, George amuwombera yekha kuti asagwe m'manja mwa gulu la Curley. Sitingavomereze kuti kupha kotere nchifundo. Koma tiyenera kufunsa: ndi mudzi wanji umene bwenzi saonamo njira ina yopulumutsira mnzake?

Motero poŵerenga tisafulumire kudziyesa George. Ife oitanidwa kuŵeta anthu tidzifunse funso lovuta koposa: kodi ndani amagona kunja kwa nyumba yathu, nanga tidaloŵamo liti m'kachipinda kake?