Proctor anali ndi dzina, nanga Tituba?

Abale anzathu a ku South Bend ndi Indianapolis, mwezi uno gulu lathu la ku Beech Grove lakambirana The Crucible, sewero la Arthur Miller la mu 1953. Nkhani yake ndi ya ku Salem mu 1692, kumene atsikana ochepa anayamba kuloza anthu chala kuti ndi mfiti. Anthu 19 ananyongedwa, ndipo mkulu wina, Giles Corey, anamupsinja ndi miyala mpaka kufa.

Chimene Miller anachigwira bwino ndi msampha wa bwalo lija. Ukavomera ufiti n'kutchula anzako, wapulumuka. Ukakana, chingwe. Ndiye bodza linkabala bodza linzake, ndipo anthu ngati Thomas Putnam, amene m'seweromo akusirira minda ya anzake, ankangokolola. Miller ankalasa za m'nthawi yake, pamene Amereka inkasaka achikomyunizimu paliponse. Konkuno ku Indiana, mu 1953 momwemo, mayi wina wa m'komiti yoona mabuku a sukulu anafuna nthano ya Robin Hood ichotsedwe, ati kulanda olemera n'kupatsa osauka n'chikomyunizimu. Zoona eti! Mu 1956 Miller mwini wake anaitanidwa ndi komiti ya nyumba ya malamulo, ndipo anakana kutchula anzake. Choncho pamene John Proctor akung'amba chikalata chovomera ufiti, kulolera kufa kuti dzina lake lisakhomedwe pachitseko cha tchalitchi, tikudziwa kuti mlembiyo sankangobwebweta.

Koma tili naye mlandu. Abigail Williams weniweni anali mwana wa zaka 11, Proctor anali bambo wa zaka pafupifupi 60. Miller anamukulitsa mtsikanayo kufika 17, n'kuwapekera chibwenzi. Sewero linakoma, inde, koma tsopano moto wonse ukuoneka ngati unabuka ndi nsanje ya mtsikana wokanidwa, pomwe oweruza ndi abusa ndiwo ankasonkhezera nkhuni.

China chatiwawa kwambiri n'chakuti oyamba kulozedwa sanali anthu a maina. Anali Tituba, kapolo wa m'nyumba ya mbusa Parris, Sarah Good wopemphapempha, ndi Sarah Osborne wodwaladwala. Mudzi sunatekeseke. Mitima inayamba kugunda chala chitafika pa Rebecca Nurse, gogo wolemekezeka wa mumpingo. Seweronso latsata njira yomweyo: Tituba akuvomera ataopsezedwa ndi chikwapu ndi chingwe, kenaka timangomuonanso pang'ono m'ndende, basi. Proctor wapatsidwa chigawo chonse chomaliza kuti alimbane ndi chikumbumtima chake. Kodi mlendo wopanda munda, wopanda m'bale woti amuikire kumbuyo, akananena zoona ndani akanamumvera? Ife amene tikugwira ntchito m'dziko la eni funsoli sitikulimva ngati la m'buku ayi.

Kwathunso n'chimodzimodzi. Ku Neno mu Januwale 2016, mphenzi itapha mtsikana, anthu anapha nkhalamba zinayi poziganizira ufiti. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe zinaphetsa anthu, ndipo munthu wachilendo m'mudzi ndiye ankayamba kukayikiridwa. Chonsecho lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Ku Salem kunali bwalo, alembi ndi zikalata, n'chifukwa chake Miller anapeza poyambira. Agogo a ku Neno aja sanafunsidwe n'komwe kuti avomere kapena akane.