Thabwa Lakutsogolo Nalonso Limaimba

Pa zinkhoswe, maukwati ndi misonkhano ya mapemphero m'boma la Dedza, kuyambira ku Linthipe ndi Chimbiya mpaka ku Bembeke ndi Lobi, mabokosi okuzira mawu amene amasanjikizidwa pambali pa tenti si onse ogula. Ambiri ndi okhoma akalipentala athu. Sipika ndiyo yochokera kunja, koma bokosi ndi la pulayiwudi kapena bulokubodi, pena matabwa a paini, lokutidwa kapeti yakuda, tizitsulo tonyezimira m'makona. Mawu akamveka bwino timayamikira DJ. Akamabaya m'makutu timati sipika ndi yafeki kapena ampu yatopa. Wokhoma bokosi sayamikiridwa, sadzudzulidwanso, ngati kuti ntchito yake ndi yongosungira katundu.

Ine ndimudzudzula, chifukwa ntchito yakeyo ndi luso. Wosema ng'oma ya mbalule kapena mpanje sanganene kuti kulira konse kuli m'chikumba. Amadziwa kuti kukula kwa chibowo ndi kuchindikala kwa mtengo ndi mbali ya mawu. Wokhoma bokosi amadziwa zimenezi pa mkati mwa bokosi, ndipo amakangana za malita ndi za bowo lotulutsira besi. Chimene sachiganizira ndi thabwa lakutsogolo, lija amabowolapo malo a sipika, limene akatswiri amalitcha baffle.

Sipika ikakankha mpweya, mafunde a mawu sapita kutsogolo kokha. Ena amakwawa pamwamba pa thabwalo mpaka kumphepete. Thabwa likatha mwadzidzidzi, mphepeteyo imatulutsa kafunde kakekake, kotembenuka, kamene kamafika kwa womvera mochedwerapo pang'ono. Kakakumana ndi funde lenileni, pa mawu ena ziwirizi zimathandizana, pa mawu ena zimafafanizana.

Manambala ake ndi osavuta. Mawu amathamanga mamita 343 pa sekondi mpweya ukakhala pa madigiri 20. M'mawa wachisanu wa June kuno kumtunda, pa madigiri 10, amatsikira cha pa 337, kusiyana kosadandaulitsa. Funde la 100 Hz ndi lotalika mamita 3.4, ndipo bokosi la masentimita 45 m'lifupi silingalitchinge: limangozungulira n'kumwazikira kumbuyo ndi m'mbali. Funde la 1,000 Hz ndi masentimita 34 okha, choncho thabwa limalikankhira kutsogolo. Zotsatira zake n'zakuti bokosi likaimikidwa m'mwamba pabwalo, mawu apansi amatsika ndi madesibelo 6 poyerekeza ndi apamwamba. Kuti mudziwe pamene kutsikaku kwafika theka, gawani 115 ndi m'lifupi mwa thabwa m'mamita. Pa bokosi lathu lija ndi cha pa 255 Hz. Apa ndi pomwe anyamata a zoimbira amakwezera besi mpaka koyilo kununkha, pamene akanangoika bokosilo pansi kapena kuliyandikiza kukhoma.

Koma vuto la besi ndi lokhululukika. Chondipweteka ine ndi chikondi chathu pa kuika sipika pakatikati. Kalipentala amakoka mizere iwiri yopingasa kuchoka m'makona, pokumanirapo n'kuikapo msomali, n'kuzunguliza chingwe. Diso limakondwa. Koma pa thabwa lofanana mbali zonse la masentimita 45, mphepete iliyonse ili pa mtunda wa masentimita 22.5 kuchokera pakati, ndiye timafunde tonse tinayi timafika pamodzi. Mawu a cha pa 760 Hz amakwera, a cha pa 1,500 Hz amamira. Apa m'pamene pali mawu a munthu. MC akamaitana a kuchimuna pa perekaniperekani, mawu ake amatuluka ngati akuyankhulira m'mphuno, ndipo akwaya amamveka koma zimene akuimba sizigwirika. Kunena chilungamo, sipika yaikulu ya mainchi 15 imabisako vutoli, chifukwa mafunde ake amachokera pamalo otambalala ndipo safika kumphepete nthawi imodzi. Zozunzika kwambiri ndi timasipika ta mainchi 6 ndi matwita ang'onoang'ono opanda lipenga.

Izi si zachilendo. Harry Olson wa kampani ya RCA ku America anayesa mabokosi a maonekedwe 12 osiyanasiyana, n'kusindikiza zotsatira mu 1951. Pa mzere woonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, lozungulira ngati mpira linatulutsa wosalala kwambiri. Lofanana mbali zonse, sipika ili pakati, linatulutsa mzere wa mapiri ndi zigwa. Lamakona odulidwa mopendeka linayandikira lozungulira lija. Papita zaka zoposa 70, ife tikukhomabe limene Olson analipeza loipa, n'kulionjezera kamlomo kotukuka m'mphepete kotetezera nsefa, kamene kamabwezanso mawu.

Tsono munthu angadziwe bwanji kuti chotupa chimene chili pa mzere n'cha sipika kapena cha thabwa? Choyamba, pepala la wopanga sipika musalidalire pa bokosi lanu. Mzere wakewo nthawi zambiri amauyezera pa thabwa la muyezo wa IEC 60268-5, lalikulu masentimita 135 kwa 165, bowo lake lili chakumbali mwadala. Pulayiwudi mmodzi ndi 122 kwa 244, choncho wofuna kutsanzira ayenera kulumikiza. Pali njira yotchipa kuposa apo. Kumbani dzenje pabwalo la mpira, kutali ndi makoma, gonekani bokosi chagada kuti nkhope yake ifanane ndi nthaka, tsekani m'mbali ndi dothi, pachikani maikolofoni pa nsungwi mita imodzi pamwamba pake. Nthaka yonse yasanduka thabwa lopanda mphepete. Yezani ndi pulogalamu ya REW, imene ndi yaulere, pa laputopu. Kenako fukulani bokosi, liimikeni m'mwamba pa msinkhu wa mita ndi theka, maikolofoni pa msinkhu womwewo mita imodzi kutsogolo, yezaninso. Kusiyana kwa mizere iwiriyi ndiyo nyimbo ya thabwa lanu. Chitani izi m'mamawa mphepo isanayambe, chifukwa mphepo ya ku Dedza ikalowa mu maikolofoni zonse zapansi zimasanduka phokoso.

Pa kuyeza kwachiwiriku, funde logunda pansi limafika patapita mamilisekondi pafupifupi 6, ndipo pulogalamu iyenera kuuzidwa kudula chilichonse chobwera pambuyo pake. Kudulako kuli ndi mtengo wake: mzere wa pansi pa 200 Hz musaukhulupirire. Besi imayezedwa mwa njira ya Don Keele ya 1974, maikolofoni pafupi kukhudza pepala la sipika. Apa ambiri amakodwa. Maikolofoni ikayandikira chonchi siliona n'komwe thabwa, ndiye imaonetsa besi yonenepa imene womvera ali pabwalo sadzaimva. Madesibelo 6 aja ayenera kuchotsedwa musanalumikize mzere wa besiwu ndi wa pabwalo uja.

Wopanda mphamvu zokumba ali ndi mayeso ena achidule. Yezani kutsogolo kwenikweni, kenako sunthani maikolofoni madigiri 15, kenako 30. Chotupa chimene chakhala pamalo ake n'cha sipika kapena cha mkati mwa bokosi. Chimene chasuntha kapena kuzimiririka n'cha mphepete, ndipo chimenechi ikwalaiza singachichize: mukakonzera wokhala pakati pa tenti mwaonongera wokhala pambali. Mankhwala ake ali m'manja mwa kalipentala.

Mankhwalawo ndi a randa ndi tchizulo. Sipika yaing'ono isunthireni kumbali kuti mitunda yopita kumphepete isiyane. Ilowetseni m'thabwa kuti chitsulo chake chisatukuke. Mphepete zipendekeni kwenikweni. Kupala sentimita imodzi n'kukongoletsa chabe, pafunika masentimita anayi kapena asanu, kutanthauza kuti thabwa lichindikale kapena mumate kamtanda mkati. Bokosi lotere kasitomala adzalitcha lopotoka, ndipo lidzadya tsiku lina la ntchito. Inu amisiri a pa Dedza boma ndi ku Lizulu, khomani mabokosi awiri a sipika yofanana, lina lachizolowezi lina lotere, muwaimike pabwalo limodzi, kasitomalayo amve yekha asanatchule mtengo.