Akaidi Awiri a m'Buku la Bunyan

Mwa mabuku amene Akhristu awerenga pambali pa Buku Lopatulika, ali owerengeka amene ayenda kutali monga la John Bunyan, lija tilitcha Ulendo wa Mkhristu. Mwini wake anali mmisiri wokonza mapoto ndi maketulo, wobadwira ku Elstow pafupi ndi Bedford ku Mangalande m'chaka cha 1628. Anamtsekera m'ndende mu 1660 chifukwa cha kulalikira wopanda chilolezo, nakhalamo zaka 12, ndipo buku lake linatuluka mu 1678. Ambiri a ife tidziwa za katundu uja wa pamsana pa Mkhristu, ndi umo anamasukira pa mtanda. Koma mwezi uno tifuna kuliyesa bukuli pa mlandu wina wowawa: kodi linenanji kwa munthu amene anabatizidwa, nadya Mgonero zaka zambiri, napatuka pambuyo pake? Pakuti palibe mpingo wopanda otere, ndipo ena a iwo ali abale athu a bere limodzi.

M'bukumo muli akaidi awiri amene tiyenera kuwayang'ana pamodzi. Woyamba tikomana naye kuchiyambi kwa ulendo, m'nyumba ya Womasulira. M'chipinda chamdima mukhala munthu m'khola lachitsulo, maso ali pansi, ali kuusa moyo. Kale anali wokhulupirira wooneka bwino pamaso pa anthu, koma analeka kudikira, natsata zilakolako zake, ndipo tsopano ati khomo la kulapa lamtsekekera. Akumbutsidwa kuti Mwana wa Mulungu ali wachifundo chachikulu, koma iye akana, nadzitsutsa yekha ndi mau oopsa aja a pa Ahebri 6 ndi 10. Mkhristu achoka ali ndi mantha, namsiya momwemo.

Chithunzi ichi sitichiyesa chabodza. Alipo anthu amene mau a chifundo awamvekera ngati chipongwe. Bunyan anawerenga mbiri ya Francesco Spiera, wodziwa malamulo wa ku Italy, amene anakana chikhulupiriro chake mu 1548 chifukwa cha mantha, namwalira chaka chomwecho ali kunena kuti Mulungu wamtaya. Ndipo ambiri ayesa kuti wam'khola uja ndiye chithunzi cha Spiera. Koma taonani chinthu chimene owerenga mofulumira achidumpha. Pamene Mkhristu afunsa mwini nyumba ngati chiyembekezo chilipo kwa munthu wotere, mwini nyumba sagamula mlandu, angoti amfunse mwini wake. Mau onse akuti chifundo chatha atuluka pakamwa pa wam'khola yekha. Womasulira angouza mlendo kuti akumbukire tsokali, nachenjere.

Mkaidi wachiwiri ndiye Mkhristu yemwe, ndipo pano Bunyan alemba monga munthu wodziwa mtima. Mkhristu ndi mnzake Woyembekeza ayenda kale mtunda waukulu. Ndiwo akhristu akale, osati a m'kalasi. Njira ifika pa malo okakala, mapazi awo ndi opweteka, ndipo kumanzere aona dambo la msipu wofewa ndi kanjira kolambalala mpanda. Mkhristu ndiye akopa mnzake, nati kanjirako kapita komwe kupita mseu. Onani kuti sanatukwane Mulungu, sanati ulendo aulekeza. Anangofuna popondera pofewa. Kodi si umo apatukira ambiri? Wina ayamba ndi kusapita ku mapemphero Sabata limodzi chifukwa cha kudimba, wina ndi chikho chimodzi pa maliro, wina ndi ulendo umodzi wa kwa woombeza pamene mwana wadwala usiku. Tsono kugwa mdima, mvula ndi mabingu ziyamba, madzi asefukira, ndipo poyesa kubwerera sapeza polumphira paja. Agona m'munda wa eni ake, ndipo m'mawa awadzutsa ndi chimphona, dzina lake Kutaya Mtima, mwini Linga la Chikaiko.

M'dzenje la ndende yake akhala kuyambira Lachitatu m'mawa kufikira Loweruka usiku, opanda chakudya, madzi kapena kuunika. Chimphona chiwakwapula ndi chibonga, ndipo mwa uphungu wa mkazi wake chiwauza kuti adziphe okha, chiwaonetsanso mafupa a amene chinawapha kale. Mkhristu, yemwe uja anapambana Apoliyoni, ayamba kuganiza kuti manda ali bwino. Amene amgwira mkono ndiye Woyembekeza, wamng'ono m'chikhulupiriro, yemwe anasocheretsedwa ndi iye. Ndipo tikumbuke kuti usiku wa mvula uja, pamene Mkhristu anapepesa, mnzakeyo anamkhululukira pomwepo osamwerengera mlandu. Loweruka pakati pa usiku ayamba kupemphera, ndipo kusanache Mkhristu akumbukira kuti ali ndi mfungulo pachifuwa pake, dzina lake Lonjezo. Itsegula chitseko cha dzenje, itsegula cha kubwalo, ndipo chipata chachitsulo chivuta, koma nacho chitseguka.

Pa mfungulo iyi ndipo pali nzeru yaikulu ya bukuli. Palibe mthenga amene adza nayo kuchokera kunja. Mkhristu sailandira monga mphotho ya masiku ake a njala. Inali pachifuwa pake Lachitatu pamene analowa, inalipo pamene anali kukwapulidwa. Kupatuka kwake sikunaichotse. Chimene chimphona chinatha kuchita ndicho kumuiwalitsa.

Tsono akaidi awiriwa asiyana pati? Wina adzati: asiyana pa kukula kwa tchimo, pakuti wam'khola anachimwa dala, koma Mkhristu ananyengedwa ndi kutopa. Inde, Bunyan mwini ayesa chomwecho, ndipo sabisa kuti ena atayika ndithu. M'buku lomweli aonetsa wopanduka womangidwa ndi zingwe 7. Koma pano ndipo tili naye mlandu mlembi wathu. Wam'khola sanampatse mnzake wokhala naye, angomuika poonekera kuti odutsa aphunzirepo. Ndipo m'gawo lachiwiri la bukuli, lotuluka mu 1684, mkazi wa Mkhristu pofika m'nyumba muja aonetsedwa munthu yemweyo ali chikhalire. Komatu munthu wolira chifukwa cha kutaya Khristu sali chimodzimodzi ndi munthu wosasamala za Khristu. Wouma mtima weniweni sausa moyo. Ali kumowa, ali kuseka.

Mlanduwu ukula pamene tidziwa kuti Bunyan anakhalamo yekha m'khola lomwelo, natulukamo. M'buku la mbiri ya moyo wake, Grace Abounding to the Chief of Sinners, la 1666, asimba kuti atakhulupira kale anavutidwa ndi ganizo lomuuza kuti agulitse Khristu, ndipo tsiku lina anayesa kuti mumtima mwake wavomera. Kuyambira pomwepo nkhani ya Esau, wogulitsa ukulu wake ndi chakudya, inamsautsa monga zaka ziwiri. Anapita kwa mkhristu wina wachikulire, namuululira kuti aopa kuti wachimwira Mzimu Woyera. Ndipo mkuluyo anayankha kuti nayenso ayesa chomwecho. Ha, chitonthozo chozizira! Akulu a mpingo aiwerenge nkhani imeneyi kawiri. Chimene chinamuutsa Bunyan ndicho lonjezo la pa Yohane 6:37, lakuti Ambuye sataya munthu wakudza kwa Iye, ndipo anaona kuti palibe tchimo lopatulidwa pa lonjezolo. Mkulu uja akadakhala woona, sitikadakhala nalo buku limene tili kulikamba.

Chotero ife tiyesa kuti chipinda cha khola sichiyenera kuwerengedwa pachokha. Nchabwino kwa munthu amene ali pa mpanda, mwendo umodzi uli kale kudambo, chimuopse, abwerere. Koma kwa amene wagwa kale, nadziwa kugwa kwake, chipindachi chikhoza kusanduka chibonga cha chimphona. Tidziwa umo zikhalira. Munthu aimitsidwa ku Mgonero, ndipo mwina nkoyenera kutero. Sabata loyamba adza nakhala kumbuyo, lachiwiri aona kuti ena amuyang'ana cham'mbali, lachitatu sadza. Ipita miyezi, palibe wopondako kwao, ndipo iye anena mumtima kuti mpingo wanditaya, ndiye kuti Mulungunso wanditaya. Paulo anachiona choopsa ichi ku Korinto, nalamula pa 2 Akorinto 2 kuti munthu wolangidwa uja amkhululukire ndi kumtonthoza, kuopa kuti chisoni chingammize. Ndipo Petro, amene anakana Ambuye wake katatu ndi kulumbira, anapatsidwanso nkhosa kuti aziwete.

Tiyenera kumchitira Bunyan chilungamo, kuti pokalamba mau ake anapendekera ku mbali yomweyi. Mu 1688, chaka cha imfa yake, linatuluka buku lake lina pa Luka 24:47, lofotokoza chifukwa chake Uthenga unayenera kuyambira ku Yerusalemu, pakati pa iwo omwe anapachika Ambuye. Ndipo m'gawo lachiwiri la Ulendo abwereranso ku Linga la Chikaiko. Ulendo uno alendo salidutsa mwakachetechete: Mtima Waukulu, wotsogolera akazi ndi ana, apatuka dala ndi anzake kukafuna ngati muli wina wamoyo. Apha chimphona, nagwetsa lingalo masiku 7, ndipo m'katimo apeza bambo wina wolefuka ndi mwana wake wamkazi wamantha, ali pafupi kufa ndi njala. Sawafunsa kuti munafika bwanji kuno; awatulutsa, nawapatsa chakudya, nayenda nawo.

Awiriwa sasanduka ngwazi pambuyo pake. Bambo uja afika pa mtsinje wa imfa ali kuvomereza kuti mantha ake anamtsata njira yonse, napempha kuti akamuka pasakhale wolandira manthawo ngati cholowa. Mwana wake alowa m'madzi pamodzi naye ali kuimba, ngakhale oimirira pagombe sanazindikire mau a nyimboyo.