Mboni pa Mlandu Wake Womwe

Mlandu ukafika pabwalo la mfumu, wodandaula ndiye amayamba kuyankhula, koma nduna zodziwa ntchito yawo sizigamula zisanamve mbali inayo. Buku la mbiri ya munthu yolemba mwini wake lilibe mwambo wotere. M'menemo wodandaula ndi yemweyo, mboni ndi yemweyo, ndipo kawirikawiri wogamula amakhalanso yemweyo. Owerenga tikapanda kusamala, ntchito yathu imangokhala kuwomba m'manja. M'chimangirizo chino tisanthula mabuku atatu amene Bambo Hans Küng, wansembe wa Mpingo wa Katolika wa ku Switzerland komanso katswiri wa maphunziro a zaumulungu, adalemba pofotokoza moyo wawo ndi mkangano umene adakhala nawo ndi akuluakulu a Mpingo wawo kwa zaka zoposa 50.

Mabukuwa adalembedwa m'Chijeremani, ndipo lililonse lili ndi masamba mazanamazana. Loyamba, Erkämpfte Freiheit, lidatuluka mu 2002, ndipo mutu wake ukunena za ufulu wochita kumenyera. Lachiwiri, Umstrittene Wahrheit, la mu 2007, likunena za choonadi chimene anthu akulimbirana. Lomaliza, Erlebte Menschlichkeit, lidatuluka mu 2013. Awiri oyambawo adamasuliridwa m'Chingerezi pa mitu yakuti My Struggle for Freedom ndi Disputed Truth. Mitu yokhayi ikutiuziratu m'mene Bambo Küng ankadzionera: msilikali wa ufulu ndi choonadi. Ife tifunse ngati umboni wawo ukukwana.

Buku loyamba ndilo lokoma kuwerenga. Tikuona mnyamata wobadwa pa 19 Malichi 1928 m'tawuni yaing'ono ya Sursee, mwana wa munthu wogulitsa nsapato, akukula m'mbali mwa nyanja ya Sempach pamene nkhondo ya Hitler idazinga dziko lake mbali zonse. Bambo Küng akunenetsa kuti mtima wawo wosafuna kugonjera udachokera kumeneko, kwa anthu a ku Switzerland amene amanyadira kudzilamulira okha. Mu 1948 adapita ku Roma kukaphunzira pa Gregorian University, ndipo adakhalako zaka zisanu ndi ziwiri, atavala mkanjo wofiira wa ophunzira a ku German College, akumvera maphunziro m'Chilatini. Adalandira unsembe mu 1954. Mu 1957 ku Paris adamaliza buku lawo loyamba, losanthula chiphunzitso cha Karl Barth, katswiri wotchuka wa Chipulotesitanti, pa nkhani ya m'mene Mulungu amalungamitsira munthu wochimwa. Nkhani imeneyi ndiyo idagawa Akhristu a ku Ulaya m'masiku a Martin Luther, koma wansembe wachinyamatayu adaonetsa kuti mbali ziwirizi sizidatalikirane monga anthu ankaganizira. Barth mwini wake adalemba kalata yoyamikira imene idaikidwa kumayambiriro kwa bukulo. Chaka chomwecho ofesi ya ku Vatican yoyang'anira chiphunzitso idatsegula faelo ya dzina lawo, iwo ali ndi zaka 29 zokha.

Mu 1960 adakhala pulofesa pa yunivesite ya Tübingen ku Germany, ndipo pamene Papa Yohane wa 23 adatsegula Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa Vatican mu 1962, Bambo Küng adali mmodzi wa alangizi achinyamata a aepiskopi. Mlangizi wina wa msinkhu womwewo adali Bambo Joseph Ratzinger wa ku Germany, wobadwa mu 1927. Awiriwa ankaoneka kuti ali gulu limodzi la ofuna kukonzanso zinthu mu Mpingo, moti mu 1966 Bambo Küng ndiwo adalimbikira kuti mnzawoyo aitanidwe kudzaphunzitsa ku Tübingen. Anthu amakonda kusimba kuti wina ankayenda pa galimoto ya liwiro ya Alfa Romeo pamene winayo ankapalasa njinga. Nkhaniyi njoseketsa, koma isatipusitse ngati kuti ikufotokoza mitima yawo. Patangopita zaka zitatu, pambuyo pa zipolowe za ophunzira za mu 1968, Bambo Ratzinger adasamukira ku Regensburg, ndipo njira zawo zidasiyana.

Phata la mlandu lili m'buku lachiwiri, ndipo apa tiyenera kudekha. Pa 18 Julayi 1870, m'nthawi ya Papa Piyo wa 9, Msonkhano Waukulu Woyamba wa Vatican udagamula kuti Papa sangalakwe pamene, monga m'busa wa Akhristu onse, akhazikitsa mwalamulo chiphunzitso cha chikhulupiriro kapena cha makhalidwe choti Mpingo wonse uchisunge. Chigamulochi sichinena kuti Papa sachimwa, kapena kuti mawu aliwonse otuluka m'kamwa mwake ndi oona. Mphamvuyi imagwiritsidwa ntchito mwa kamodzikamodzi, monga mu 1950 pamene Papa Piyo wa 12 adalengeza za kutengedwa kwa Maria kunka kumwamba. Tsono mu 1968 Papa Paulo wa 6 adalemba kalata ya Humanae Vitae yoletsa njira zolera za mankhwala ndi zipangizo, ngakhale kuti ambiri m'bungwe la akatswiri lolangiza Papa pa nkhaniyi adafuna kuti lamulo lisinthe. Bambo Küng adati Papayo adamangika manja chifukwa sakadatha kuvomereza kuti apapa akale adalakwitsa. Motero mu 1970, patatha zaka 100 chiperekedwere chigamulo chija, adatulutsa buku lakuti Unfehlbar? Eine Anfrage, lofunsa ngati pali munthu kapena msonkhano umene ungapange ziganizo zoti sizingakhale zolakwika. Ganizo lawo lidali lakuti Mulungu amasunga Mpingo m'choonadi ngakhale atsogoleri ake atalakwitsa apa ndi apo, monga momwe mwana wophunzira kuyenda amagwa koma mayi wake samusiya.

Akuluakulu a ku Roma adaona kuti ili silidali funso wamba. Ngati chiphunzitso chimene msonkhano waukulu udakhazikitsa chingathe kukanidwa ndi pulofesa amene akuphunzitsa ansembe am'tsogolo m'dzina la Mpingo womwewo, kodi chotsala n'chiyani? Makalata adayenda pakati pa Roma ndi Tübingen kwa zaka zambiri. Mu 1973 ofesi ya chiphunzitso idatulutsa chikalata chotchedwa Mysterium Ecclesiae chotsimikiza chiphunzitso chakalecho, ndipo mu 1975 idawachenjeza kuti asabwerezenso maganizo awowo. Iwo adakana kupita ku Roma kukafunsidwa pokhapokha ataloledwa kuona faelo yawo ndi kusankha okha wowayimira. Pakati pa zonsezi adalemba Christ sein mu 1974, buku lofotokozera munthu wamakono tanthauzo la kukhala Mkhristu, limene lidagulidwa kwambiri. Mu 1979 adabwerezanso mawu aja m'mawu otsogolera buku la August Bernhard Hasler, nalembanso m'nyuzipepala nkhani yodzudzula chaka choyamba cha Papa Yohane Paulo Wachiwiri. Pa 18 Disembala chaka chomwecho, sabata imodzi Khirisimasi isanafike, kudalengezedwa kuti Bambo Küng apatuka pa choonadi chathunthu cha chikhulupiriro cha Katolika, ndipo chilolezo chawo chophunzitsa m'dzina la Mpingo chidalandidwa.

Mphamvu ya buku lachiwirili ndi yakuti silingodalira chikumbumtima cha nkhalamba. Bambo Küng adali munthu wosunga mapepala, ndipo akutipatsa masiku, mayina ndi zimene zidalembedwa m'makalata. Pa nkhani ya kayendetsedwe ka mlandu, umboni wawo ndi wovuta kuugwetsa. Ofesi imodzi yomweyo idali yoimba mlandu, yofufuza ndiponso yogamula, ndipo woimbidwa mlandu sadaone zimene zidalembedwa za iye. Ngakhale munthu amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti Papa salakwa angavomereze kuti kuweruza kotere sikupatsa ulemu Mpingo umene umalalikira chilungamo. Masamba ofotokoza miyezi yotsatira chigamulocho, pamene ena mwa aphunzitsi anzawo a ku Tübingen adawatembenukira ndipo iwo adatheratu mphamvu, ndi okhudza mtima chifukwa kumeneko kokha tikuona munthu amene sakudziwa kuti mawa kudzacha bwanji.

Koma pa phata lenileni la mkangano, mboni yathu ikutsimphina. Kawirikawiri m'mabukuwa, munthu wotsutsana ndi Bambo Küng amaoneka wamantha, wofuna udindo kapena wosamvetsa. Nkovuta kupeza tsamba limene mdani wawo akupatsidwa mpata wonena mfundo yake mwamphamvu monga akadainenera mwini wake. Chikhalirecho amene adatsutsa buku la 1970 sadali akalaliki a ku Vatican okha. Karl Rahner, katswiri wamkulu wa Chijezuiti amene nayenso adavutikapo ndi ofesi yomweyo, ndiponso amene adayambitsa magazini ya Concilium pamodzi ndi Bambo Küng mu 1965, adalitsutsa poyera bukulo, nati mwini wake wayamba kuyankhula ngati Mpulotesitanti. Ena adaonetsa kuti Humanae Vitae sidalengezedwe monga chiphunzitso chosalakwa, motero chitsanzo chimene bukulo lidayambirapo chidali chogwedera. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma m'mabukuwa anansi otere saoneka kuti adamvedwa.

Vutoli likuonekera kwambiri pa Bambo Ratzinger. Buku lachiwiri lidatuluka iwo atakhala kale Papa Benedikito wa 16, ndipo Bambo Küng akuika miyoyo iwiriyi pambalimbali: wina adasankha ufulu, wina adachita mantha ndi ophunzira a mu 1968 nasankha makwerero a udindo. Nzoona kuti Bambo Ratzinger adakhala arkiepiskopi wa Munich mu 1977, adagwirizana nacho chigamulo cha 1979, ndipo kuyambira mu 1981 adatsogolera ofesi ya chiphunzitso ija kwa zaka zoposa 23. Komabe kunena kuti munthu adasintha maganizo chifukwa cha mantha ndi njira yapafupi yopewera kuyankha maganizo akewo. Iwo eni ake ankati sadasinthe, ndipo chimene chidawadetsa nkhawa ku Tübingen chidali kuona chikhulupiriro chikusandutsidwa chida cha ndale za Karl Marx. Adalemba zimenezi m'kabuku kakang'ono ka mbiri yawo kotchedwa Milestones m'Chingerezi, kamene kamathera mu 1977. Wophunzira wofuna kuweruza mwachilungamo awerenge kabukuka pambali pa mabuku atatu aja. Nakonso ndi mboni pa mlandu wake womwe, koma mboni ziwiri zotsutsana zimaphunzitsa zambiri kuposa imodzi.

Pali chinthu chinanso chimene mabukuwa sabisa koma sachipatsa kulemera kwake. Ku Germany, maphunziro a zaumulungu amaphunzitsidwa m'mayunivesite a boma. Episkopi amapereka kapena kulanda chilolezo, koma malipiro amachokera ku boma, ndipo pulofesa sachotsedwa ntchito wamba. Choncho mu 1980 padapezeka mgwirizano wakuti Bambo Küng achoke m'gawo la Chikatolika koma akhalebe pulofesa pa yunivesite yomweyo, akutsogolera nthambi yawo ya maphunziro a umodzi wa mipingo, mpaka adapuma mu 1996. Ena sadali ndi denga lotere. Yves Congar, wansembe wa chipani cha Adominiko wa ku France, ataletsedwa kuphunzitsa mu 1954 adatumizidwa ku Jerusalem, ku Roma ndi ku Cambridge, nakhala chete momvera. Pambuyo pake maganizo ake adalowa m'zikalata za Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, ndipo adapatsidwa ukadinala mu 1994, kutatsala miyezi yochepa kuti amwalire. Leonardo Boff wa ku Brazil adalamulidwa kukhala chete mu 1985, ndipo mu 1992 adasiya unsembe. Kulimba mtima kwa Bambo Küng kudali kwenikweni, koma kudali kwa munthu amene ankadziwa kuti mwezi ukatha malipiro abwera. Sibwino kuyeza nawo muyeso umodzi anthu amene adalumbira kumvera ndipo analibe nyumba yawoyawo.

Buku lachitatu ndi lotalika kuposa nkhani yake. Likusimba maulendo, misonkhano ndi atsogoleri a mayiko, ndi ntchito yawo yatsopano yofufuza mfundo za makhalidwe zimene zipembedzo zonse zingagwirizanepo. Ntchitoyi idabala chikalata chimene msonkhano wa zipembedzo za dziko lonse udavomereza ku Chicago mu 1993, ndi bungwe la Weltethos mu 1995. Mayina a anthu otchuka achuluka m'menemo moti owerenga amatopa.

Chimene chimakhalitsa mabukuwa m'maganizo ndi chakuti mbali zonse ziwiri zidaima pakhomo osadumpha. Ignaz von Döllinger, katswiri wa mbiri ya Mpingo wa ku Munich, adachotsedwa mu Mpingo mu 1871 chifukwa chokana chiphunzitso chomwechi. Bambo Küng sadachotsedwe, sadaletsedwe kupereka nsembe ya Misa, ndipo iwonso sadapite kukalowa mpingo wina ngakhale akadalandiridwa ndi manja awiri. Papa Yohane Paulo Wachiwiri sadawapatse mpata wokambirana nawo pa zaka zonse 26 za upapa wake. Koma pa 24 Sepitembala 2005 Papa Benedikito adawalandira ku Castel Gandolfo, ndipo nkhalamba ziwirizo zidacheza pafupifupi maola anayi, zitagwirizana kuti za mlandu wakale zisakhudzidwe. Mtendere umenewu sudakhalitse, pakuti mu 2010 Bambo Küng adalembera aepiskopi onse kalata yapoyera yodzudzula ulamuliro wa mnzawo wakaleyo. Mu 2016, mabuku atatu aja atatuluka kale, adapempha Papa Fransisko kuti alole akatswiri kukambirana momasuka za kusalakwa kwa Papa, ndipo adalengeza kuti alandira yankho laubale. Adamwalira ku Tübingen pa 6 Epulo 2021 ali ndi zaka 93, akadali wansembe, chilolezo chija chisanabwezedwe.